Mipando ya Ana Ikudikira Riboni ya Bwana

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu,
Bungwe la Mwana Akhute,
Ku Likulu.

Bwana,

Ndagwada, chipewa chili m'manja, ine Fahad wa kufupi ndi Namitambo, mnyamata amene digiri yake ya zakadyedwe ikudyedwa ndi mphemvu m'sutikesi. Musaope, lero sindikupempha ntchito. Ndabwera kudzathokoza.

Ndikuthokoza m'malo mwa Faida, mwana wa achemwali anga a Hidaya. Ali ndi zaka zinayi. Anabadwa movutikira, ubongo unavulala, ndiye khosi silikhazikika, manja ndi ouma, kumeza ndi nkhondo. Amayi ake amamudyetsa monga anadyetsedwera iwo: kumugoneka chagada pamiyendo, phala lamadzimadzi m'chikhatho, n'kumathira m'kamwa. Lina limapita m'mimba, lina m'mapapo, lambiri pachitenje. Akatsamwa, milomo imachita kuda bii. Chibayo sichimusiya. Kuti adye osatsamwa, ayenera kukhala tsonga, mutu utachirikizidwa. Mpando womukhazika chotero munamupangira inuyo, Bwana. Mundilole tsono ndiwerenge madalitso.

1. Zikomo potumiza mmisiri kudzayeza ana athu dzinja lathali. Mipando inafika, yokongola, ya malamba, dzina lanu lili kumsana kwa uliwonse. Timakaiona pawindo la chipinda chosungira katundu ku ofesi yanu ya kuno. Alonda, a Mikaele, anatifotokozera mwaulemu kuti palibe mpando ungatuluke inu musanabwere kudzadula riboni. N'zoonadi. Mwana wa kumudzi angakhale bwanji pampando wosatsegulira?

2. Zikomo chifukwa cha masiku onse amene munalonjeza kubwera. Tsiku lina kunali matope, ndipo galimoto yanu ndi yoyera. Tsiku lina munali kuhotela, pamsonkhano wokambirana za njala. Komalizaku akuti matisheti anali asanadindidwe. Amayi ochokera mpaka ku Magomero anabereka ana olemera kumsana, anakhala padzuwa, anayeserera nyimbo yokulandirani mpaka mawu kusasa. Nyimboyo tsopano aidziwa bwino kwambiri. Ana ndiwo sakudziwabe kumeza.

3. Zikomo chifukwa cha alangizi anu a zakudya za magulu asanu ndi limodzi. Anaimiritsa a Hidaya pamaso pa amayi anzawo n'kuwauza kuti mwana saonda chonchi ngati mayi si waulesi. Mayi amene amatha m'mawa wonse ndi kapu imodzi ya phala, dimba n'kuuma! Kenako anawapatsa chiponde. Chiponde, Bwana, chimamata m'kamwa mwa Faida ngati phula, satha kuchitembenuza ndi lilime. Azichimwene ake ndiwo akunyambita mapaketi. Anenepa, masaya phwii. Choncho lipoti lanu silinaname, m'nyumbamo mulidi ana amene akhuta.

4. Koma chimene ndikukuvulirani nacho chipewa ndi kuona patali kwanu. Mwana wina aliyense akanaupitirira kale msinkhu mpando woyezedwa dzinja lathali. Faida ayi. Mkono wake ndikhoza kuuzunguliza ndi zala ziwiri, malo n'kutsala. Mpando wake umukwanabe ndithu, mwinanso malamba tidzachita kuboola pena. Ndani wina akanapanga dongosolo lotere, loti mwana ndi mpando azidikirana osasemphana?

Musaganize kuti tangopinda manja. Ndinadula chidebe, ndinaikamo mapilo, ndinamumanga ndi mpango. Amatsetsereka, mutu n'kugwera chammbali, chifuwa n'kuyambanso. Ku koleji anandiphunzitsa zakudya, sanandiphunzitse ukalipentala. Ndipo mpando weniweni uli apo, kuseri kwa galasi, mphaka wa a Mikaele akugonapo. Iyeyo sanadikire riboni.

Pempho langa ndi lochepa, Bwana. Ngati ntchito zakuchulukirani, tumizani sizasi yokha. Muipatse wakabaza wa ku Njuli, ulendowo ndilipira ndine. Riboni ndidula m'dzina lanu, amayi aimba nyimbo ija, ndipo pachithunzi tikusiyirani danga pakati, anyamata a makompyuta adzakuikenipo mukumwetulira.

Mukakana, sizasiyo tumizanibe. Ife Asilamu sitivutitsa ndi bokosi. Mwana timamukulunga m'sanda, nsalu yoyera, ndipo ya Faida siingadye mamita ambiri. Tingakondwe kuidula ndi sizasi yanu, kuti nanunso mukhale mutadulako kanthu kuno kwathu.

Ine wanu wogwadabe, ngakhale maondo ayamba kuwawa,

Fahad Abdulhamid,
malume ake a Faida.