Tsiku lomwe mthunzi wanga unatsalira ku Rhode Island

Amene akuganiza kuti ndinama aimike dzanja pompano, tionane nkhope, asakandisekere m'galimoto pobwerera. Palibe? Chabwino. A Tembo, tazimitsani kaye kanema wanuyo. Zithunzi zanu taziona kuyambira pomwe tinatuluka m'tchalitchi mpaka tiyi wa a Mwale, eni nyumba ino, wazizira. Mwayenda wapansi masiku asanu ndi limodzi, mwadutsa chigawo cha Rhode Island ku America kuchokera kunyanja mpaka kumalire a kumpoto, ndipo kuno ku Canada, mzinda wathu wa Oakville wonse wakuomberani m'manja. Ngakhale akazi angawa, Nabanda, amene ndakhala nawo zaka makumi atatu osandiyamikirapo ngakhale ndikakolopa nyumba yonse, ndawamva ndi makutu angawa akunena kuti, "Amuna olimba ndi a Tembo." Ine ndili pambali pawo pomwepa, kapu ili m'manja.

Ndiye mverani. Njira yomweyo ine ndinaiyenda inu musanachoke kwanu ku Chipata, ndilibe ndodo ziwiri zachitsulozo, ndilibe jombo zonyezimira za ku Markham, ndilibe foni yondiuza kolowera, ndili ndi nsapato zomwe ndinkagwirira ntchito yosamalira okalamba ku Oshawa ndi chikwama chomwe munali buledi mmodzi basi. Ndinayambira pamchenga m'mawa, madzi akundinyambita zidendene, ndipo nditangoponya phazi loyamba mphepo ya liwiro langa inakankha nyanja kubwerera m'mbuyo, nsomba n'kutsala pamtunda zikuyang'anana, asodzi n'kumangotola ndi manja, moti mpaka lero kumeneko akamva dzina langa loti Chimwaza amavula zipewa. Mukumva?

Kachigawo kameneko n'kakang'ono, zimenezo a Tembo sanakuuzeni. Kuchepa kwake, ndinkachita kufupikitsa mapazi kuti ndisagwere m'chigawo cha eni ake, ndipo pena nditayetsemula pakati pa nkhalango, anthu a kumalire onse anandiyankha kuti pepani. Inu mukuti nkhupakupa inakulumani pamwendo, mpaka mwakwinya buluku kutionetsa chipsera, amayi onse muno n'kugwira pakamwa. Nkhupakupa zomwe ndinakumana nazo ine zinali ngati mbuzi, zinatseka njira zili khumi ndi ziwiri, ndinagwira yaikulu pakhosi n'kuisenzetsa chikwama, ndipo inandiperekeza mwaulemu mpaka padambo lalikulu lija mwati munalizungulira tsiku lonse, lomwe ine ndinangogwada n'kulimwa lonse, achule ali maso tong'o, ndinawoloka pouma, kenako ndinatembenuka n'kubwezera madziwo pamalo pake kuti eni dziko asadandaule. Ndikulumbira, pali bambo anga amene anagona ku Ntcheu.

Dzuwa lili paliwombo ndinacheuka, mthunzi wanga palibe. Unali utatopa, utakhala pa mpanda wamiyala uku ukupuma wefuwefu, koma ine sindinaudikire, ndinapitirira, nsapato zinatha, ndinayenda ndi masokosi, masokosi anatha, ndinayenda ndi mapazi okhaokha mpaka miyala inayamba kuthetheka moto, udzu n'kuyaka, ozimitsa moto akunditsata ndi galimoto zawo osandipeza, ndipo ndinafika kumalire a kumpoto dzuwa lisanapendeke, buledi uja akadali wofunda. Mthunziwo unandipeza ku Oshawa patatha milungu iwiri, utawonda, utabwezedwa kawiri pachipata cholowera mu Canada chifukwa unalibe chiphaso. Mukumva, a Mwale? Musayang'ane pansi.

Zithunzi? Mwayambatu. Munthu wothamanga chotero angamujambule ndani? A Tembo ali ndi zithunzi zambirimbiri chifukwa ankaima pamtengo uliwonse, kukonza chipewa, kumwetulira, kutumiza ku gulu lathu la pafoni, ndipo usiku ndi usana foni ya akazi anga inkangolira, iwo n'kumandisonyeza kuti taonani anzanu. Anzanga? Sabata yonse ndadya chakudya changa ndi nkhope ya a Tembo ili patebulo. Sindikuchita nsanje ine, ndikungokonza mbiri.

Nabanda, mukung'ung'udza chiyani? Nenani mokweza, anthu amve.

Mwawamva. Akuti, "Bambo a Chisomo, ulendo umenewo ndinalipo. Tinkapita ku ukwati wa mwana wa achemwali anu, ndipo tinali pa basi."

Sekani, a Tembo, sekani mumalize. Chabwino, ukwati unalipo. Basi nayo inalipo, yobiriwira, yonunkha dizilo. Za nsomba ndi nkhupakupa tikambirana tsiku lina. Koma popeza mwayamba kuulula, mayi, ululani zonse. Auzeni anthuwa kuti m'basimo munatsala mpando umodzi, ndipo ndinakupatsani inu chifukwa munali ndi pakati, mapazi atatupa. Auzeni amene ananyamula sutikesi yanu pamsana, dzanja limodzi litagwira chitsulo, lina litakutchingirani dzuwa la pawindo. Rhode Island yense ndinamudutsa ndili chiimire pa miyendo yangayi, kuchokera malire mpaka malire, ndipo inu simunaone chilichonse, chifukwa munali m'tulo, mutu utatsamira pamimba panga.