Dothi la Agogo ku Boksburg

Suti yanga yakuda ija sindiivalanso, ndipo anzanga akafunsa ndimangoti inandithina. Lero ndiulule.

Agogo anga aamuna, bambo wa mayi anga, anabwera kuno ku Joni kudzagwira ntchito m'migodi mayi ali khanda, ndipo sanabwererenso. Anafera konkuno, manda awo sadziwika. Chimene chinafika kumudzi ndi chithunzi chimodzi chokha: aima m'mbali mwa dziwe la ku Boksburg, chipewa chopendeka, kumbuyo kwawo kuli phiri lachikasu la mchenga wotuluka mumgodi. Ndinakula ndikuliyang'ana phiri limenelo pakhoma, moti ndinkalisowa ngati ndinabadwira pomwepo.

Kwathu munthu akafera kutali thupi osabwera, timatapa dothi la kumene anathera n'kukaliika kumanda a abale ake, kuti naye afike kwawo. Mayi atayamba kudwaladwala anandiimbira foni. "Mwanawe, zitenje zandikwana. Unditumizire dothi la paphiri lija ndisanatseke maso."

Zaka zisanu ndakhala ndikunyamula makatoni m'mafakitale a ku Spartan, konkuno ku Joni, koma ku Boksburg ndinali ndisanapondeko (ulesi, komanso mantha, tisanamizane). Lamlungu lina ndinavala suti, poti agogo sungawaonekere utavala ovolosi, ndinatenga supuni ndi kachitini ka majarini, n'kukwera teksi.

Dziwe ndinalipeza. Ndinatsata kamtsinje kodutsa kuseri kwa mafakitale, kodzaza bango ndi mabotolo, ndinadutsa nyumba zakale za njerwa zofiira ndi nsanja yadzimbiri ya mgodi wotsekedwa. Phiri lachikasu osaoneka. Nsapato zitayamba kundiluma, ndinaona chiphiri chathyathyathya pamwamba, chomera udzu wobiriwira. Ndinadziuza kuti zaka zonsezi ngakhale phiri likhoza kumera tsitsi. Chinali mumpanda wa waya, ndiye ndinakwawira pansi pake, thalauza n'kung'ambika pamalo osatchula.

Pamwamba ndinagwada, n'kuomba m'manja, n'kudzitchula dzina ndi mfunda womwe. Ndinawauza agogo kuti khanda analisiya lija tsopano lili ndi imvi, ndipo lakhala likuwadikira moyo wake wonse. Ndinalira zenizeni, sindibisa. Kenako ndinatulutsa supuni ija. Koyamba linatuluka dothi. Kachiwiri jumbo. Kachitatu thewera la mwana, lakalekale koma losaiwala ntchito yake.

Ndisanamvetse, kumbuyo kunamveka galu ndi mawu: "Wena! Zama zama!" Mlonda ankandiyesa mmodzi wa anthu okumba golide mozemba (ndi supuni, abale, nditavala tayi). Galu atandigwira jekete ndinakuwa kuti mayo ine, ndipo mlondayo anamukoka msanga.

"Kodi ndinu a kumudzi?"

Anali bambo wachikulire, wobadwira ku Zimbabwe, makolo ake ochokera ku Dedza, Chichewa chake chotsimphina. Ndinamuonetsa chithunzi chija pafoni n'kumufotokozera zonse. Anaseka mpaka kukhala pansi. Anati ndagwadira dzala la mzinda, mulu wa zinyalala umene anaukwirira n'kudzalapo udzu. Phiri lachikasu lenilenilo analigumula kalekale ndi madzi a m'mapaipi pofuna kusefa golide wotsalira. Analoza pamene linali, kutsidya kwa kamtsinje kaja, pabwalo loimikapo malole. Apo kuseka kunamuthera.

"Inu bola, achimwene, muli ndi kokalipereka dothilo. Ine kwawo kwa bambo anga sindinakuonepo."

Anandiperekeza yekha, ine jekete nditamanga m'chiuno kubisa manyazi. M'mphepete mwa waya wa bwalo lija tinapeza kamzere ka mchenga wachikasu, ndipo anandigwirira chitini ine ndikutapa. Sindinathenso kulankhula ndi agogo. Mawu onse abwino ndinali nditawathera pazinyalala.

Chitinicho ndinachitumiza ndi adalaivala a basi. Patatha sabata mayi anaimba, mawu ali opepuka ngati a mtsikana, kunena kuti dothi aliika pambali pa manda a agogo aakazi, ndipo tsopano akugona tulo. Kenako anafunsa ngati phirilo lidakali lokongola ngati pachithunzi.

"Lidakalipo, amayi. Lachikasu bwinobwino."

Ndinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Dzulo aimbanso. Akufuna chithunzi changa nditaima pamene anaima bambo awo, phiri lili kumbuyo, nditavala suti, kuti achipachike pambali pa chinzake.