Madzi okhaokha m'impso

Alipo anthu amene amalandira uthenga wabwino ndi manja awiri. Ine wanga ndinaukana, pamaso pa adokotala ndi mayi a kunyumba.

Chinali chaka chija tinkagawana thumba limodzi la feteleza wa makuponi mabanja awiri. Msana unkandiwawa cha m'nthiti, ndipo kuchipatala cha ku boma anati pa impso pali chotupa, ndikaunikidwe pa sikani (ine ndinkadziwa kuti sikani ndi ya amayi oyembekezera). Mawu akuti khansa palibe anawatchula, koma amake Tiyamike anasiya kundikalipira, ndipo apo ndinadziwa kuti zinthu zavuta. Ndinkaopa kufa fodya ali m'chigafa.

M'chipinda cha sikanimo munali kamdima kozizira bwino. Anandigoneka pabedi cham'mbali, nandipaka mafuta ozizira, n'kuyamba kuyendetsa kachitsulo pang'onopang'ono. Pagalasi la makinawo pankayenda zotuwatuwa ngati mitambo ya mvula yoyamba ikamachokera ku Kaluluma. Munthu woti wakhala akusankha fodya mwezi wathunthu, mwamugoneka pamthunzi, mukuyembekezera chiyani? Maso analemera. Mitambo ija inasanduka mabelo a fodya, mabelo anandanda mpaka kuphiri, onse anga, ndipo ndinali ku okushoni nditavala jekete, ogula akuyenda mwakachetechete ngati akuyandama.

Chapatali ndinamva mawu a adokotala: "Onani apa mayi, pakuda bii, khungu lake lopyapyala, losalala. Chikanakhala choopsa bwenzi tikuona zipindazipinda ndi minofu mkati. Umu ndi madzi okhaokha."

Madzi? Mlimi wa fodya aliyense akudziwa kuti belo likapezeka ndi madzi limabwezedwa, dzina n'kuipa. Ndinadzambatuka, mafuta ali chuchuchu m'nthiti.

"Bodza limenelo bwana! Sindinathiremo madzi ine, n'chinyezi cha m'mawa chabe! Tsegulani lina muone!"

Adokotala anangoti kukamwa yasa, kachitsulo kali m'mwamba. "Linalo ndaliona kale bambo," anatero, "impso inayo ilibe kanthu."

Amake Tiyamike anaseka mpaka kugwira khoma, kenako kuseka kuja kunasanduka kulira. Anapukuta m'maso ndi chitenje n'kundiyang'ana ndi diso lija ndinali nditalisowa.

"Bambo a Tiyamike, akukuuzani kuti simufa, inu mukukana? Valani malaya, mukundichititsa manyazi."

Anandikalipira njira yonse mpaka kudepoti, ndipo sindinamvepo nyimbo yokoma chotero. Adokotala anati ndidzabwerenso adzaone ngati chotupacho chikukula. Ndalumbira kuti ulendo umenewo sindigona, koma bedi lija ndikulidziwa ine.