Momwe Ndinatontholetsera Rediyeta ya ku Croydon

Wokayika aimirire pompano, makamaka inu a Phiri amene mwayamba kale kumwetulira, chifukwa ine ndinaphunzira ntchito yoyeza malo ku koleji, ndaigwira mpaka kupuma, ndipo woyeza malo sanama ngakhale ndi inchi imodzi.

Fulati yathu ya lendi ku Croydon ili m'chinyumba chakalekale chimene chimatenthedwabe ndi nthunzi yochokera mu boila ya pansi. Chisanu chitafika, rediyeta ya pabalaza, chitsulo chotenthetsa m'nyumba, inayamba kugunda m'mawa uliwonse, ndipo sindikunena kugogoda kwa mlendo ayi, ndikunena kugunda kumene kunadumphitsa mano anga oikirira m'kapu n'kuyenda okha mpaka kukhitchini, nkhunda za padenga n'kusamukira ku Woolwich, woyendetsa tramu, kasitima ka m'tauni, n'kuima pamsewu kuti aone chimene wawomba. Mukumva?

Tsono mayi wokhala pansi pathu, amene anaonapo akazi anga, a Nachisale, akulowetsa kamtondo kawo ka nsinjiro, anakanena kwa landilodi kuti Amalawi aja amasinja m'mawa. Kalata inabwera: phokoso lithe m'masabata awiri, apo ayi tisamuke. Ine, munthu wa dipuloma, kupirikitsidwa pa mlandu wa mtondo!

Ndinatsegula kope n'kulemba nthawi ya kugunda kulikonse. Kenako ndinagunditsa khutu pa paipi masiku atatu, mpaka linapsa n'kumanunkhira kanyenya, ndipo ndi khutu lomwelo ndinamva nthunzi ikukwera, madzi akutsika, ziwirizo n'kukumana pakhosi pa rediyeta n'kumagundana ngati atonde pa mlatho wa mtengo umodzi. Nditayeza ndi levulo, chida choonera ngati chinthu chapendekeka, ndinapeza kuti chitsulocho chinapendekera kolakwika, madzi osabwerera ku paipi. Lachitatu m'mawa ndinachinyamula, cholemera ngati ng'ombe ya ngolo, ndi dzanja limodzi, linalo lili ndi kapu ya tiyi osatayika ngakhale dontho, n'kulowetsa pansi pake buku langa la masamu, ndipo nthunzi imene inapemerera pamenepo inasita thalauzali ndili chivalire. Mzere wake ndi uwu, taugwirani nokha.

Lachinayi kunali zii. Landilodi anabwera, anamvetsera, anang'amba kalata ija. Mayi wa pansi uja anakwera kudzapepesa, n'kutsika ndi botolo la nsinjiro.

Pali kanthu kena kamene a Nachisale amakonda kuonjezerapo, ndipo ndikanena ndekha asanakuuzeni mokhotetsa. Ine ndinakulira pa mbaula, pamene moto ukachuluka munthu amatseka kachitseko theka. Choncho m'mawa uliwonse ndinkapotokola valavu ya rediyeta kufika pakati, kuti kutentha kukhale kwaulemu. Akuti nthunzi sidziwa theka: valavu utsegule yonse kapena utseke yonse, kupanda kutero madzi amatsekeredwa mkati n'kumagunda. Lachitatu lomwelo masana, pofuna kuumitsa yunifomu yawo ya kuchipatala, iwo anaitsegula yonse.

"Bambo, chotsani bukulo lingapse," amatero mpaka lero. "Masamu anu sanagwirepo ntchito apa."

Bukulo sindinachotse, ndipo valavu sindiikhudzanso. Koma a Phiri, akazi angawa alibe kope, alibe levulo, khutu lawo ndi losapsa. Kufikira tsiku limene adzabweretse umboni wolembedwa, amene anatontholetsa rediyeta ija ndine.