Sadaka ya Ngongole Yanga ya Msonkho

Lolemba

Dandaulo kwa anthu onse asanu a chipinda chino cha ku Umm Ghuwailina, kuno ku Doha. Ine, mwini digiri ya zachuma, amene pakadali pano ndikulondera chitseko ku Msheireb, ndikufuna kudziwa amene wakulungira chapati m'kalendala wanga. Ameneyu si kalendala wamba. Shopu yanga ya fotokope itagwa ku Liwonde ndinasiya msonkho wosalipira, ndipo alamu anga, omwe anaphunzirako malamulo chaka chimodzi, anandiuza kuti boma likapanda kutolera pa zaka zisanu ndi chimodzi, ngongole imafa yokha. Ndakhala kuno kudikira imfa imeneyi. Zakazo zikukwana Lachisanu, ndipo mafuta a chapati agwera pa Lachisanu penipeni.

Lachiwiri

Ndikukonza sadaka ya malemuyo, pa Corniche, m'mbali mwa nyanja. Zofunika: mpunga, nkhuku ziwiri, olira anayi ovala mamasiki, aliyense foni yake ikuonetsa kubiriwira koti alibe korona. Lamulo latsopano likuti ndingatuluke m'dziko muno osapempha chilolezo kwa bwana. Wondimanga watsala mmodzi, ngongole ija, nayo ili kayakaya. Disembala ndili kwathu!

Lachitatu

Mkenya wogona bedi lapamwamba akuti kwawo ukatuluka m'dziko, zakazo zimaima kuwerengedwa. Nsanje basi. Komabe nkhuku ndagula imodzi.

Lachinayi

Ndikuwaimbira alamu kuwafunsa za mawu a Mkenya. Akuti: "Zimenezo mwina anaphunzitsa chaka chachiwiri, alamu." Makontirakiti atatu ndasaina podalira munthu ameneyu! Olira awiri awapatsa shifiti. Wachitatu foni yake yasanduka yachikasu, amutsekera m'chipinda. Wachinayi anali Mkenya.

Lachisanu

Pa sadaka ndilipo ine ndi Mkenya, amene malemu sakuwadziwa koma akudya ngati wachibale. Thukuta, masiki kumata pakamwa. Mayi akuimba pavidiyo, ndikuwauza chimene tikukondwerera.

"Msonkho uti? Wa shopu ija? Ndinamaliza kulipira zaka zitatu zapitazo. Pang'onopang'ono, ndi ndalama za malata umatumiza zija. Ku ofesi ya msonkhoko amandipatsa ndi mpando womwe, ana aulemu."

"Bwanji osandiuza, mayi?"

"Iwe ukaimba umangofunsa za mvula."

Mkenya akutenga ntchafu yachiwiri.

Loweruka

Zaka zitatu ndakhala ndikuthawa munthu amene sakundithamangitsa. Ukwati wa achemwali ndinaonera pa foni, nkhope ya mkwati itauma pakati pa lumbiro. Nyumba imene ndimamanga ili ndi makoma anayi, denga lake ndi thambo. Mayi atumiza chithunzi cha risiti yomaliza: aiika m'felemu momwe munali digiri yanga. Akuti iyi ndiye ili ndi chidindo chooneka bwino. Alamu nawo atumiza uthenga: "Mwaona? Siinafe?"

Lamulungu

Kuno ndi tsiku lantchito. Ndasaina kontirakiti ina, popeza nyumba ikufuna malata. Khalas, yatha nkhani, monga anenera kuno.

Koma boma ndikulilembera. Linalandira ndalama mwakachetechete, n'kundisiya ndikubisala ngati munthu wofunika. Chipukuta misozi changa ndi ichi: nyengo zotentha zitatu za ku Doha, tsitsi la paliwombo, nkhuku imodzi. Zikakanika, tsiku limene ndidzatsike ndege kwathu atume munthu wa tayi, andigwire pamkono, andifunse dzina mokalipa kwa mphindi ziwiri, alamu akuona.