Kelivini Anaphika Mazira a Alamu

Masiku ano ku Bangwe, kwa achimwene anga, ndimapitako pokhapokha kukagwa maliro. Chifukwa chake ndi mazira.

Alamu anga, akazi a achimwenewo, amaweta nkhuku kuseri kwa nyumba. Atatopa ndi kugula anapiye, anandipempha kuti ndiwathandize kupanga bokosi loswetsera mazira, poti ndinaphunzira zauinjiniya (ntchito sindinaipezebe, koma dzina lokha la injiniya ndili nalo). Kalipentala analipo kale. Changa chinali kungonena kukhuthala kwa makoma ndi mphamvu ya mababu otenthetsera.

Sindinafune zongoyerekeza. Ndinajambula bokosilo mu pulogalamu ya pakompyuta yomwe imaonetsa mmene kutentha kumayendera m'chinthu. Pochita ulesi kudina khoma lililonse palokha, ndinalemba kasikiripiti, timizere ta malangizo tosintha zonse pakamodzi: khoma ili likhale la thabwa, ili la galasi, kunja kutenthe madigiri 25.

Pulogalamu inati mazira afa ndi kuzizira. Ndinasintha mzere umodzi kuti m'makoma mulowe siponji. Kuzizirabe. Ndinawonjezera siponji ina, ndinakweza mphamvu ya mababu, kenako ndinatseka timabowo ta mpweya (apa munthu wanzeru akanaima kaye n'kudzifunsa). Pomaliza chithunzi chinafiira bwinobwino kusonyeza kuti m'bokosimo mwafunda, ine n'kunyamula laputopu, ulendo wa ku Bangwe.

Kalipentala anakhoma ndendende mmene ndinalembera. Achimwene anafunsa ngati sitikufunika kachida kozimitsa mababu mukatentha kwambiri, ndinawayankha kuti kompyuta yawerengera kale zonsezo. Alamu anayala mazira awo, pamodzi ndi ena a amayi a kumpingo kwawo omwe anamva kuti pakhomopo pali injiniya.

Mawa lake masana foni inalira.

"Alamu, tabwerani. Mutengeko mchere," anatero akazi a achimwene aja, n'kudula.

Ndinapeza mazira onse atapsa gwa, siponji ikununkha ngati matayala. Ndinakhala pakhonde n'kuyamba kuwerenga mizere yanga umodziumodzi. Sikiripiti inalibe vuto, inachita zonse zomwe ndinaiuza. Kungoti pulogalamuyo siyeza kutentha ndi madigiri omwe timamva pa wailesi, ili ndi muyeso wake wotchedwa Kelivini, ndipo 25 pa muyeso umenewo ndi kuzizira komwe kulibe firiji ingakufikire. Bokosi langa linali la dziko lina, osati Bangwe wa mu Okutobala.

Ndinayesa kufotokoza. "Vuto ndi Kelivini, alamu."

"Kelivini wa kwa ndani?" anafunsa. Ndisanatsegule pakamwa anapitiriza okha: "Ndimadziwa ine kuti si inu. Mnzanu ameneyo musamayende naye."

Ndinali nditatopa, mutu ukuwawa, ndiye ndinangogwedeza mutu kuvomereza.

Panopa ndisanayendetse sikiripiti iliyonse ndimayamba ndaona muyeso wake. Koma zoulula sindinaphunzirebe. Amayi a kumpingo aja atanditumira uthenga kuti akufuna adziwe komwe mnyamatayo amakhala, ndinawayankha kuti anasamukira ku Machinjiri.