Shifiti ya Atate pa Kompyuta Yanga

Lolemba

Ndafika ku Kitwe nditafukata kompyuta ya a pulofesa, miyendo yachita dzanzi. Ku yunivesite atseka zipata, aphunzitsi anyanyala ntchito. A pulofesa ati, "Tenga makinawa ukamalizire kwanu. Lolemba likubwerali nditumizire zotsatira, apo ayi ku msonkhano wa ku Joni kupita wina." Ku Joni! Pa ndege! Ine amene ndege ndimangoionera m'mwamba ikamapita ku Ndola!

Ntchito yake ndi iyi. Ndili ndi mulu wa zolemba za odwala a m'zipatala za migodi, zaka ndi zaka, maina ofufuta. Kompyuta iwerenge zonsezo, ipeze matenda omwe amayendera limodzi ndi makomboni omwe amakonda. Ikufuna masiku atatu basi, koma osazima ngakhale kamodzi. Ikazima imaiwala zonse ndi kuyambiranso, chifukwa ine mwini wake ndinkangoti zoiphunzitsa kusunga ndidzachita mawa.

Dongosolo:
- lero kuyatsa
- Lachinayi zotsatira
- Lachisanu kulemba
- Loweruka kugula nsapato zokwerera ndege

Soketi yamoyo m'nyumba muno ndi imodzi, ya pabalaza. Ndayatsa. Kamzere kobiriwira koonetsa pomwe ntchito yafika kayamba kukwawa pagalasi.

Atate sanabwere kudzaona. Ali pansi pa mtengo wa mapeyala ndi wailesi yopanda mabatire. Amayi akuti chigulitsireni mgodi ndi kuwachotsa ntchito, tsiku lonse amathera pomwepo. Ndevu zamera, zoyera. Munthu amene ankayang'anira mapampu otulutsa madzi pansi pa mgodi, amene ankadzutsa nyumba yonse ndi jombo zake! Ndawapatsa moni, ati, "Wafika." Basi. Mtima wandiwawa.

Lachiwiri

Kamzere kabwerera pachiyambi!!

Amayi azula chingwe kuti asite yunifolomu yawo ya kutchalitchi. "Ndangobwereka pang'ono, mwana wanga, ndabwezatu pomwe ndinachotsa." Abwezadi. Apukutanso ndi fumbi lomwe. Ndikwiye bwanji?

Ndafotokoza bwinobwino za kuiwala kwa makinawa. Amayi amvetsera mpaka kumapeto, kenaka ati, "Ndiye sukulu yonseyi ukuphunzitsa chinthu choiwala ngati amalume ako?"

Ndayatsanso. Zotsatira Lachisanu. Nsapato zidikire.

Lachitatu

Zomwe ndapeza pamwamba pa kompyuta m'mawa uno:
- kansalu koluka
- maluwa a pulasitiki
- chithunzi cha Mariya Woyera
- kolona yolendewera pagalasi

Kansalu ndachotsa, kakutseka mphepo. Mariya ndamusiya. Ndikufuna thandizo lililonse.

Mbiri yazungulira komboni kuti m'nyumba muno muli makina odziwa zinthu. Mayi wina wogulitsa zovala za salaula wayenda kuchokera ku Ipusukilo kuti makina amuuze yemwe anaba mtolo wake wa majekete. Ameneyo ndaseka naye, wapita. Koma Bana Chanda, oyandikana nawo nyumba, akufuna kudziwa ngati amuna awo ali m'gulu lochotsedwa ntchito mwezi wamawa. Ndati makinawa zotere sadziwa. Iwo, m'Chibemba chawo, "Nangu panono fye?" Ngakhale pang'ono chabe? Apa sindinaseke. Amapotokola nsonga ya chitenje.

Madzulo magetsi athima komboni yonse. Sanachedwe, abwera tiyi asanapole. Koma kwa bwenzi langa loiwalali, zakwana.

Ndayatsanso kachitatu. Tsopano ndi Loweruka madzulo, ndipo mpata wina kulibe. Ikazimanso, Joni ndidzangomumva m'nkhani za anzanga.

Ndakhala pakhonde, dzanja patsaya. Mawu achokera pansi pa mtengo: "Makina sasiyidwa okha." Chiganizo chathunthu choyamba sabata ino!

Lachinayi

Atate ameta!

Ndadzuka ndawapeza pabalaza, mpando auyandikiza pa kompyuta, avala ovolosi yonunkha sutikesi. Jombo kuphazi. "Ine ndalowa zero sikisi. Iwe udzalowa eitini." Nthawi za kumgodi: iwo sikisi ya m'mawa, ine sikisi ya madzulo.

Mafunso awo:
- imalira chonchi nthawi zonse?
- mphepo imatulukira kuti?
- mafuta amathira pati? (paliponse ayi, Atate, chonde!)
- pozimitsira mwadzidzidzi ndi pati?

Lomalizali ndazemba kuyankha. Andiyang'ana monga ankayang'anira anyamata atsopano pamgodi. "Makina onse ali ndi pozimitsira. Munthu sukhala pa makina osadziwa pozimitsira." Ndawaonetsa.

Kawirikawiri amaika kuseri kwa dzanja pambali pa bokosi, monga Amayi ankatigwirira pamphumi tikadwala malungo.

Masana Amayi atulukira ndi nsimbi yamagetsi. Atate, osatembenuka, "Mayi, pano ndi pantchito." Amayi aseka mpaka kukhala pansi, kenaka apita kukabwereka nsimbi ya makala kwa Bana Chanda. Kuseka kotere m'nyumba muno ndinakuiwala.

Lachisanu

Kamzere kadutsa pakati! Magetsi ali phee. Mariya akugwira ntchito.

Atate akana kudyera patebulo, akuti munthu ali pashifiti sachoka. Amayi afunafuna kachitini kawo kakale konyamulira chakudya, aikamo mbatata ndi kapenta, atseka bwinobwino, ayenda nako kuchokera kukhitchini kufika pabalaza. Atate alandira ndi manja awiri. Adya zonse.

Bana Chanda asuzumira pawindo. "Mwabombeni, bashikulu!" Moni wopatsa munthu amene ali pantchito. Ndani wawapatsa moni umenewu chichotsedwere? Atate akonza kolala kaye. "Eya mukwai." Ine ndayang'ana kudenga ngati pali china chofunika kumeneko.

Posinthana madzulo andipatsa lipoti ataimirira. "Makina ali bwino. Kutentha pang'ono cha m'ma fotini. Phokoso labwino. Alendo awiri, ndabweza." Kenaka afunsa kuti kwenikweni makinawa akufunafuna chiyani. Ndafotokoza za matenda, za makomboni, za chifuwa cha a m'migodi. Ayang'ana bokosi lija. Ati, "Ndiye anzanga ali m'menemo." Ndati ali momwemo, koma opanda maina. "Palibe kanthu. Tiziwasamala."

Mawa madzulo zonse zitha. Lamulungu kulemba tsiku lonse. Zitheka!

Loweruka

Kutentha kosanena. Kamzere katsala pang'onong'ono, ngati chikhadabo.

Makina ali m'manja abwino, ndiye ine ndi Amayi tapita kutauni. Ndafunsa nthawi yomwe amatsegula potumizira makalata a pa kompyuta. Nsapato ndagula! Zakuda, zazidendene zazifupi, kuti ndisagwe pamakwerero a ndege. Amayi atsitsa mtengo mpaka wogulitsa wapempha chifundo.

Tafika kunyumba. Galasi lakuda bii.

Atate aima pambali pa kompyuta, akuikupiza ndi katoni, thukuta lili kamukamu, nkhope yowala. "Ndaipulumutsa, mwana wanga. Inasintha kalilidwe, inayamba krr, krr, kosalekeza. Ndagwira, moto! Pampu ikatero sudikira bwana. Ndazimitsa monga mwa lamulo. Ukanapeza phulusa pano."

Krr, krr ameneyo ndikumudziwa. Imalira choncho ikamaliza kuwerenga ndi kuyamba kulemba zotsatira.

Ndaima ndi nsapato m'manja. Atate akudikira, monga amadikirira munthu wopereka lipoti. Amayi ayang'ana ine, ayang'ana amuna awo, ndipo ndaona kuti amva zonse.

Ndati, "Zikomo, Atate. Mwachita bwino."

Apumira m'mwamba. "Ndinaopa. Makina a eni ake."

Amayi andikokera kukhitchini, andipatsa mpeni ndi anyezi mbale yonse. Ndiwo za lero sizifuna anyezi ochuluka chonchi. Ndadula onse.

Lamulungu

Ku Misa ndavala nsapato zokwerera ndege. Zikuluma chala chaching'ono. Mwina ndege yapulumuka.

Ndaimbira a pulofesa pa lamya ya kwa abambo mfumu. Ndati zotsatira kulibe. Ati pepani, apita wina, msonkhanowo umachitika chaka ndi chaka. Sanafunse chomwe chachitika, inenso sindinanene. Zikundiwawa ndithu, ndisaname. Ndinali nditayeserera kale moni wa Chingerezi pagalasi la kubafa.

Ndapempha kuti makina atsale kuno mpaka sukulu itatsegulidwa. Avomera.

Dongosolo latsopano:
- kuiphunzitsa kusunga (LERO, osati mawa)
- kuuza Atate kuti krr, krr ndi phokoso labwino, koma osati sabata ino
- nsapato kuzipaka mafuta

Masana ndayatsanso kachinayi. Kamzere kali pachiyambi, kukwawa ngati sikanayendepo. Atate aika dzanja pabokosi, agwedeza mutu. "Waona? Yapuma, yazizira. Tsopano iyenda bwino." Afunsa kuti ntchito yatsala ya masiku angati. Ndimati ndinene atatu. Ndayang'ana panja, mpando wa pansi pa mtengo uli wokha, masamba agwerapo. Ndati zolemba ndi zambiri, Atate, ikamaliza izi pali zina.

"Ndiye mawa ndilowa zero sikisi," atero.

Pakhonde Amayi akupemerera makala mu nsimbi ya Bana Chanda. Akusita ovolosi.